Holo Imene Tinaiyeza ndi Chingwe

Chingwe chija ndinagwira nawo ndine, nsonga ya kumbuyo. Ndiyambe ndi zimenezo, wina asadzanene kuti ndikukankhira mlandu wonse kwa amalume anga.

Sukulu ndinaisiya Fomu 1 isanathe. Sikuti mutu unakana ayi. Ndinamenya mnyamata wina amene anaseka nsapato zanga pa asembule, ndipo atandiuza kuti ndikaitane makolo, ndinatuluka pageti osabwereranso. Mayi anga amathyola tiyi pa esiteti, ndiye anandipereka kwa alongo awo, amalume anga, kapitawo wa anthu otchetcha udzu pa bwalo la gofu la kalabu yakwathu kuno ku Thyolo. Bwalolo ndi la maholo naini, holo iliyonse kuyambira pomenyera mpira mpaka pa kadzenje kake, tiyi uku tiyi uku. Amalumewo anandilowetsa ukade. Kade ndi uja amanyamula chikwama cha ndodo, kusaka mpira ukasochera, ndi kuuza womenya kuti patsala mtunda wotani. Zitatu zimenezi ndinazigwira msanga. Inandivuta ndi ntchito yachinayi, yotseka pakamwa.

Pofika chaka chimene ndikunenachi ndinali nditalakwa kale kawiri. Koyamba membala wina ananena kuti ndabisa mpira wake m'thumba. Nditaupeza mu udzu ndinamuonetsa, kenako n'kuuponya pakati pa tiyi kuti akadzisakire yekha. Kachiwiri ndinathyola ndodo pa mtengo wa bulugamu nditaphonya kampira kapafupi. Akapiteni a kalabu, bambo wonenepa wolankhula pang'onopang'ono, manijala pa esiteti ina yapafupi, anandiitana pakhonde.

"Iwe, mtima wakowu ndi wapachala," anatero. "Kawiri ndakusiya chifukwa cha amalume akowa. Kachitatu usadzapondenso pano. Ngakhale kudutsa popita ku chigayo."

Kunja kwa bwalolo kunalibe china chondidikira koma dengu la tiyi kumsana. Komanso ndinali nditayamba kuikonda gofu moti sindinkafuna n'komwe kuganiza zoisiya. Tsono ndinayamba kuyenda ngati munthu wosenza mazira.

Ndi nthawi imeneyo pamene tinamva kuti kukubwera mpikisano wa akatswiri, aja amadya za gofu basi, ena ochokera maiko oyandikana nafe. Akapiteni anayamba kuda nkhawa ndi holo nambala seveni. Imeneyi ndiyo yaitali kuposa zonse, ya mashoti asanu. Pakati pake pali khwawa lakuya, la matanthwe ndi zitsamba, kamtsinje kakuyenda pansi. Mamembala amamenyera pafupi ndi khwawalo, ndiye amalidumpha mosavuta. Akapiteni ankati akatswiri akadzamenyera pamenepo adzafika pa girini, kaudzu kosalala kamene pali kadzenje, ndi mashoti awiri okha, n'kumatiseka kuti ku Thyolo amasewera pabwalo la ana. Anapempha a esiteti, ndipo anatilola kuzula mizere ingapo ya tiyi wakale kumtunda kuti timange pomenyera patsopano, kutali kumbuyo. Ankafuna chikwangwani chilembedwe mayadi sikisi handiredi. Ankafunanso kuti khwawa litalikire, munthu asalidumphe ndi shoti yoyamba: ayambe waima tsidya lino, awoloke ndi yachiwiri, afike ndi yachitatu.

Makade tinkakangana za nkhaniyi tsiku ndi tsiku pansi pa mtengo umene timadikirira mamembala. Ine ndinali kumbali ya akapiteni. Ndinkati holo yaitali ndiyo imasiyanitsa amuna ndi anyamata. Mkulu wina wa makade, wa ku Nchilamwela, wopanda mano akutsogolo, ankangopukusa mutu.

"Kutalika si kuvuta, mphwanga. Msewu wa ku Limbe ndi wautali koma minibasi imangopita. Tandiuza, pa kamlatho ka kwanu kaja satsika onse?"

"Inu mumanena choncho chifukwa mpira wanu sufika patali, achimwene."

"Wako umafika patali, inde. Nanga tinaupeza liti?"

Amalume analibe mbali. Iwo ankangowerenga udzu umene wawonjezeka. "Munthu akakhala pakhonde ndi botolo, holo amaitalikitsa ndi chala," ankatero. "Wotchetcha ndine."

Ntchito yoyeza inagwera iwo. Anakabwereka chingwe kwa gulu lobzala tiyi, chija chokhala ndi mfundo m'mipata yofanana. Iwo kale asanabwere ku gofu anali m'gulu limenelo, ndipo lamulo lake analisunga: chingwe chisalendewere, chigone pansi. Pobzala tiyi pa chitunda, mtengo uliwonse umafuna dothi lake, ndiye umayeza dothi lenilenilo. Iwo patsogolo, pensulo kukhutu, ine kumbuyo ndi chikhomo. Tikatambasula chingwe, iwo akhoma, alemba, ine ndizula, tipitirira. Titafika pakhwawa tinatsika nacho. Poti zitsamba zake n'zosalowereka, tinatsata kanjira kamene kamakhotera kumanzere mpaka pa kamlatho ka mitengo, kenako n'kukwera tsidya linalo, chingwe chili chigonere pansi.

"Chikoke, iwe! Chikhudze dothi!"

"Chakhudza, amalume!"

Pepala lawo linati kuchoka pomenyera patsopano kukafika tsidya lina la khwawa ndi mayadi firii handiredi teni, ndipo holo yonse inapitirira sikisi handiredi ndi pang'ono. Akapiteni anakondwa, chikwangwani chinapentedwa.

Lolemba ndi tsiku la makade. Mamembala amakhala ku ntchito, ndiye timaloledwa kusewera ndi ndodo zakale zimene anatisiyira, chikwama chimodzi anthu anayi. Lolemba limenelo tonse tinakwera kumtunda kukalawa pomenyera patsopano. Anzanga anamenya ndi zitsulo, ndodo zija zosaponya mpira patali, kuimika mipira tsidya lino monga akapiteni anafunira. Ine ndinatenga dalaiva, ndodo yamutu waukulu ija.

"Mpirawo utsanzike," anatero mkulu wopanda mano uja.

Ndinaumenya. Ndinamva m'manja kuti wakhala pakati penipeni. Unakwera, unakwera, unadutsa nsonga za zitsamba, n'kukagwa pa udzu woyera tsidya lina, kenako n'kugudubuzika. Wina anathamanga kukaona ngati ndi wanga ndithu.

Firii handiredi teni, m'mwamba mokhamokha! Pa wailesi yakanema ya ku kalabu ndinali nditaonapo kuti ndi akatswiri owerengeka okha amene amafika pamenepo. Kwa masabata atatu palibe amene anapuma. Ndinauza mayi, ndinauza a pa golosale, ndinauza ngakhale wa kabaza amene sadziwa kuti gofu n'chiyani. Ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Mumtima ndinkati sukulu ija inali kungonditayitsa nthawi.

Akatswiri anafika kutatsala masiku atatu. Ine anandipatsa wa ku Lusaka, munthu wochepa thupi, wamfupi kuposa ine, wolankhula Chinyanja cha kwawo chothamanga chija. Nditamuona ndinati uyu ndikhoza kumupitirira ndi dzanja limodzi. Tsiku loyeserera titafika pa seveni, anaima n'kuyang'ana khwawa.

"Mfana, kuwoloka apo ni zingati?"

"Firii handiredi teni, bwana. Koma ine ndinawoloka."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Kenako anatulutsa m'thumba kamakina kokhala ngati kamera, n'kukaika padiso, kulozetsa pa mwala wa tsidya lina. Anadina kawiri.

"Thuu fifite faifi."

"Ayi bwana, tinayeza."

"Munayeza na chani?"

"Ndi chingwe."

Anaseka mpaka kugwira bondo. Anandipatsa kamakinako kuti ndione ndekha, ndipo nambala inali yomweyo, yofiira, ili phee. Anaika mpira, anamenya mosakakamiza ngati akuthamangitsa ntchentche, ndipo unakagwa patsogolo pa pamene unagwa wanga.

Makade ena anamva. Pofika masana dzina linali litapezeka. "Chimphona cha chingwe chafika, pisani njira!" Makutu anga anatentha, zala zinayamba kudzikunga zokha. Tsiku lina lililonse pakanatuluka magazi. Koma chinandigwira si mawu a akapiteni ayi, chinali funso. Wanama ndani? Chingwe ndinachigwira ndekha, mfundo ndinaziwerenga ndekha. Kamakina nakonso ndinayang'anamo ndekha. Zinthu ziwiri zosalankhula, zopanda chifukwa chonamizira munthu, zingasiyane bwanji ndi mayadi oposa fifite?

Ndinapita kunyumba ndikulankhula ndekha m'njira. Mayi anali ataweruka, dengu lawo la tiyi lili pakhonde. Ndinakhala pansi n'kumaliyang'ana chabe. Kenako ndinamasula chingwe cha nsapato yanga, n'kuchitambasula pakamwa pa dengulo, mbali iyi mpaka mbali iyo. Chinakwana, n'kutsalako. Ndinachilowetsa m'kati, kutsika nacho m'mbali, kuti chidutse pansi chikakwere mbali inayo. Sichinafike n'komwe pansi.

"Dengu langalo lakulakwira chiyani?" anafunsa mayi.

"Mayi, mpira suyenda pansi."

"Ndiye wadziwa lero?"

Ndinathamangira kwa amalume nsapato imodzi ili yomasuka. Ndinawapeza akunola chitchetcho. Ndinawafotokozera zonse, dengu, khwawa, kanjira kokhota ka pa mlatho. Anamvetsera osasiya kunola. Nditamaliza anayesa mpeniwo ndi chala.

"Nanga anthu amayenda m'mwamba?"

"Anthu ayi, koma mpira."

"Ine ndimatchetcha pansi. Udzu wangawo ndi sikisi handiredi. Za m'mwambazo akafunse mbalame."

Koma m'mawa mwake ndinawaona akupita okha kukauza akapiteni, chipewa chili m'manja. Zinandikhudza. Munthu wamkulu, zaka zonsezo palibe anamutsutsapo pa nkhani ya muyeso.

Akapiteni anakwera kumtunda ali wefuwefu, ndipo anatipeza pomenyera paja ine ndi katswiri wanga. Anayang'ana m'kamakina, anayang'ana chikwangwani, anayang'ana tiyi wa kumbuyo. Ananena kuti masiku awiri alipo, akhoza kuitanitsa anthu azule mizere ina, pomenyera pabwerere m'mbuyo mpaka nambala ikhale yoona.

"Musakhudze, bakapiteni," anatero wa ku Lusaka. "Iyi holo ni yabwino kupambana imene munafuna."

Akapiteni sanagonje msanga, ndipo mfundo yawo sinali yopusa. Anati masiku ano ndodo ndi mipira zapita patsogolo, akatswiri amangomenya kamodzi mwamphamvu kenako n'kutola kandodo kakafupi. Anati payenera kukhala holo imodzi yokha imene munthu amenye bwino katatu motsatizana, osapuma, kuti aoneke ngati mutu wake umapirira. Ine ndinkagwedeza mutu, poti ndi zimene ndinkakhulupirira.

Katswiri uja anati maholo otero anawasewerapo ambiri, ndipo sakumbukira ngakhale imodzi. Anati khwawa likakhala loti palibe angalidumphe, ndiye kuti palibe choganiza: aliyense atenga chitsulo chomwecho, aimika mpira malo omwewo, awoloka, afika, alemba faifi. Wamphamvu ndi wofooka, wolimba mtima ndi wamantha, onse afanana ngati ana a sukulu pa mzere. Shoti yachiwiri imangokhala yosuntha mpira, ngati kukankha wilibala.

"Koma apa," anatero akuloza khwawa ndi ndodo, "nikawoloka, nifika pa girini kawiri, nadya shoti imodzi. Nikalephera, nataya ziwiri. Kuyambira dzulo mutu wanga uli pamene apa. Holo yamene ikufunsa munthu funso, muisiye."

Ndinakumbukira mkulu wopanda mano ndi kamlatho kake. Zinandinyansa kuti anali atanena zomwezo, popanda kamakina.

Akapiteni anaisiya, mwina chifukwa cha mawuwo, mwina chifukwa masiku anali atatha. Ndipo tsiku loyamba la mpikisano ndinaona zimene sindinaonepo pa bwalo lathu. Anthu oonerera, ngakhale amayi othyola tiyi m'munda wa pambali, anaunjikana pa seveni. Katswiri aliyense akafika ankaima nthawi yaitali, dzanja lili pa chikwama, kugwira dalaiva, kuisiya, kugwira chitsulo, kubwereranso. Ena anaima tsidya lino, ena anawoloka, ena tinamva mipira yawo ikulira pa matanthwe. Amayi aja anayamba kulosera poona kayendedwe ka munthu: "Uyu agwera, taonani akumeza malovu." Wanga anawoloka maulendo onse awiri, poti maholo naini timawazungulira kawiri, ndipo konse analemba folo.

Tsiku lachiwiri, ulendo womaliza, tinafika pa seveni ali kumbuyo kwa wotsogola ndi shoti imodzi. Kunja kunali kutasintha. Mitambo ya chiperoni inali itayamba kutsika, ngakhale pomenyera paja mphepo sinkamveka, chifukwa mabulugamu amatchinga. Anazula udzu pang'ono n'kuuponya m'mwamba, unagwa pa nsapato zake. Koma ine ndinamva fungo. Fakitale ya tiyi ili kutsogolo, kuseri kwa girini, ndipo kade aliyense wa kwathu amadziwa kuti ukamva fungo la masamba ofota uli pa seveni, ndiye kuti pamwamba pa khwawa mphepo ikubwera kumaso. Tsiku limene ine ndinawoloka kunalibe fungo.

Kamakina pa mpikisano sankalola. Anatembenukira kwa ine.

"Thuu fifite faifi, si mwamene?"

"Inde bwana, koma lero musawoloke. Tengani chitsulo."

"Chifukwa?"

"Kukununkha tiyi."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinayesa kufotokoza za fakitale, koma dzanja lake linali litagwira kale dalaiva. Ndinadabwa kumva pakamwa panga, pa ine amene, pakutuluka mawu akuti faifi si manyazi.

Anaumenya bwino, sindinganame. Unanyamuka ngati wa dzulo. Uli pakati pa khwawa unangokhala ngati wagunda nsalu, unaima, n'kutsika. Tinamva kuti kho pa thanthwe, kenako amayi a m'munda aja onse pamodzi: "Ayiii!"

Anaponya ndodo. Inagwa pafupi ndi mapazi anga, n'kudumpha kundimenya pa msongolo.

"Wanipasa nambala yaboza! Imwe banthu bopima na nthambo, muziba chani?"

Amalume anali pomwepo, ataima ndi leki yokokolera udzu pambali pa tiyi. Ndinaona akuweramitsa mutu. Akapiteni analinso pomwepo, kumbuyo kwanga, manja ali kumsana.

Sindidziwa ngati ena amamva monga ndimamvera ine. Ndikapsa mtima maso amachita mdima m'mbali, kutsala kamalo kamodzi kowala, ndipo pa kamalopo panali nkhope ya katswiriyo. Ndinawerama n'kutola ndodoyo. Inali yopepuka, yokoma m'manja. Bulugamu anali pafupi, iyenso anali pafupi. Nambala ndinamupatsa yoona, kamakina kake komwe kananena. Ndinamuchenjeza. Ndipo watukwana amalume anga pamaso pa anthu awo.

Chinyanja akanamva. Chizungu akanamva. Tsono ndinatulutsa kansalu, n'kuyamba kupukuta mutu wa ndodo, ndipo ndikupukuta ndinamutukwana m'Chilomwe, chapansipansi, nkhope ili pa ntchito ngati ndikupemphera. Ndinayambira iye, ndinapita kwa ndodo yake, kamakina kake, mphuno yake yosamva fungo, mpaka basi imene inamubweretsa. Nditamaliza ndinaika dalaiva m'chikwama, n'kutulutsa chitsulo ndi mpira wina.

"Mayadi wani eyite, bwana, tsidya lino. Pakati pa udzu woyerawo."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kulandira. Holo imeneyo analemba seveni, ndipo mpikisano anathera pa nambala folo. Pomaliza anandigwira chanza osandiyang'ana m'maso. Atafika pa galimoto anabwerera, n'kufunsa kuti fakitale ija ili mbali iti kwenikweni. Ndinamulozera. Ananunkhiza m'mwamba, anapukusa mutu, n'kumapita.

Ndikutsuka chikwama kuseri kwa kalabu, wogulitsa zakumwa anabwera kudzandiuza kuti akapiteni akundifuna pakhonde. Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi chimene aliyense amadziwa, kuti akapiteniwo kwawo ndi ku Chimaliro, ndipo mayi awo mpaka lero salankhula chinenero china koma Chilomwe.

Ndinawapeza atakhala okha. Sanandiuze kuti ndikhale.

"Ndamva zonse zija," anatero.

"Pepani, bwana."

"Za mphuno zija unaziphunzira kuti?"

"Kwa agogo aamuna, bwana."

Anayang'ana kumbali, phewa likugwedezeka pang'ono. Kenako anakonza kukhosi.

"Ndodo ili bwino?"

"Ili bwino, bwana. Ndinaipukuta."

"Ndinaona. Ukanakweza mawu pang'ono pokha, bwenzi pano tikutsanzikana. Wamva? Lolemba ubwere m'mawa, iwe ndi amalume ako mukafufute chikwangwani chija."

Amalume anakana kufufuta. Anati nambalayo ndi yoona kwa aliyense woyenda ndi miyendo, ndiye anangopenta ina pansi pake, yaing'ono, n'kujambulapo kambalame. Zili choncho mpaka pano.

Titamaliza kupenta, makade anali atafika kale pomenyera ndi chikwama chathu chija. Inafika nthawi yanga. Ndinaima, ndinakoka mpweya, ndipo fungo la tiyi linalipo, losabisika.

"Chimphona, wamva?" anafunsa mkulu wopanda mano.

"Ndamva, achimwene."

Ndinatenga dalaiva. Ndinkangofuna kudziwa kuti mphepoyo imadya mayadi angati kwenikweni. Mpira unakalira pa thanthwe lomwe lija. Anzanga anagwa pansi ndi phwete, ndipo ine ndinabweza ndodo m'chikwama ili yathunthu, n'kutsika m'khwawa kukausaka.